Chitsulo chimene chimatupa pouma

Tsiku limene ndinawafotokozera amalume anga chimene ndinabwerera kuno ku Norway, anakhala chete kwa kanthawi pafoni, kenako anaseka mpaka kutsokomola. Iwo anagwira ntchito zaka zambiri m'gulu lokumba mijigo m'midzi ya ku Dowa ndi ku Ntchisi, ndipo kwa iwo munthu woyenera ulemu pa nkhani ya zitsime ndi amene amatulutsa madzi pamalo pamene panali fumbi lokhalokha. "Mphwanga," anatero, "anzako amakwera ndege kukaphunzira kukumba, iwe wakwera ndege kukaphunzira kukwirira?" Sindinawatsutse chifukwa ananena zoona. Kafukufuku wanga wa digiri ya PhD ndi wokhudza kutseka zitsime za mafuta ndi gasi zimene zatha ntchito, ndipo chigawo changa pa ntchito yaikuluyi n'chaching'ono kwambiri. Ndimasungunula zitsulo zosakaniza zokhala ndi chitsulo chotchedwa bismuth, ndimazithira m'mapaipi, kenako ndimayesa ngati gasi angapeze podutsa m'mbali mwake.

Amalumewo theka la nkhaniyi ankalidziwa kale ngakhale sanaonepo chitsime cha mafuta. Okumba mjigo akamaliza kuboola amalowetsa mapaipi, ndipo chakumtunda amathira simenti pakati pa paipi ndi khoma la dzenje, kuopa kuti madzi oipa ochokera ku zimbudzi ndi m'makola angatsetsereke kunja kwa paipi n'kukaipitsa madzi akumwa. Chitsime cha mafuta chimamangidwa ndi nzeru yomweyo, kusiyana kwake n'kwakuti chimapita makilomita atatu kapena anayi pansi, mapaipi ake ndi achitsulo ndipo amakhala angapo, ina mkati mwa inzake, komanso choopsa sichichokera pamwamba. Chimachokera pansi, kumene mafuta ndi gasi akhala opanikizika pansi pa thanthwe losadutsa kanthu kwa zaka mamiliyoni ambiri. Kukumba chitsime ndiko kuboola chivundikiro chimenecho. Mafuta ogulitsika akatha, gasi wotsala sathera pomwepo, ndipo mphamvu yake yokankha imatha kubwerera pang'onopang'ono m'zaka zotsatira. Choncho amene anaboola ali ndi ngongole yobwezeretsa chivundikirocho, ndipo ngongole imeneyi imafika pa nthawi imene chitsime chasiya kubweretsa ndalama, nthawi imene palibe amene ali ndi chidwi chowonongerapo ndalama zina.

Kwa zaka zoposa 100 yankho lakhala simenti. Joseph Aspdin analembetsa simenti ya Portland mu 1824, ndipo Erle Halliburton anayamba bizinesi yake yopopera simenti m'zitsime za mafuta mu 1919. Kuyambira nthawi imeneyo simenti yatseka zitsime zosawerengeka, ndipo zambiri mwa izo zili chete mpaka lero. Ndikunena izi poyambirira chifukwa ife ofufuza zipangizo zatsopano tili ndi chizolowezi choipa chonyoza simenti m'ndime yoyamba ya pepala lililonse limene timalemba, ngati kuti anthu amene anaidalira kwa mibadwo inayi anali osaganiza. Simenti ndi yotchipa, imapezeka paliponse, imapopeka, ndipo khalidwe lake limadziwika bwino. Komabe ili ndi chilema chimene womanga nyumba aliyense anachionapo pa pulasitala wong'aluka: ikamauma imafota pang'ono. Pakhoma la nyumba kufotako kumangoipitsa maonekedwe, koma m'chitsime kumatha kusiya kampata kopyapyala ngati tsitsi pakati pa simenti ndi chitsulo, kozungulira paipi yonse, ndipo gasi safuna msewu waukulu kuposa pamenepo. Simenti imathanso kusakanikirana ndi matope okumbira pamene ikupopedwa, imasweka chitsime chikamatentha ndi kuzizira mosinthanasinthana, ndipo madzi osakanikirana ndi mpweya wa carbon dioxide amaidya pang'onopang'ono.

Ngozi imene anthu ambiri amaikumbukira ndi ya pa 20 April 2010 ku Gulf of Mexico, pamene nsanja yokumbira mafuta panyanja ya Deepwater Horizon inaphulika n'kupha anthu 11, mafuta n'kutayikira m'nyanja kwa masiku 87. Ogwira ntchito anali mkati motseka chitsimecho mongoyembekezera, ndipo ofufuza ngoziyo anapeza kuti simenti ya pansi penipeni sinatchinge gasi. Koma vuto limene ine ndimaliganizira kwambiri si la moto wooneka pa wailesi yakanema. Ndi la zitsime zakale zimene zimapuma mwakachetechete m'minda ndi m'nkhalango. Ku Pennsylvania ku United States, kumene Edwin Drake anakumba chitsime chake chotchuka cha mafuta mu 1859, Mary Kang, amene panthawiyo ankachita PhD ku yunivesite ya Princeton, anayeza zitsime 19 zosiyidwa ndipo anapeza kuti zonse zikutulutsa mpweya wa methane, umene ndi gasi woyaka wa m'zitsime, zitatu mwa izo mochuluka kwambiri kuposa zinzake. Zotsatirazo zinasindikizidwa mu 2014, ndipo chimene chinandigwira mtima nditaziwerenga n'chakuti chitsime chimene chinatsekedwa kale sichinali nthawi zonse chabwino kuposa chosatsekedwa. Mu 2021 boma la United States linaika padera madola 4.7 biliyoni otsekera zitsime zamasiye, zimene eni ake anamwalira, anagwa pa bizinesi kapena sakudziwikanso.

Kuno ku Norway malamulo a ntchitoyi ali m'chikalata chotchedwa NORSOK D-010, ndipo aliyense wa ife amachidziwa ngati katekisimu. Chimafuna kuti pakati pa gasi ndi dziko lapamwamba pakhale zotchinga ziwiri zosadalirana, kuti chimodzi chikalephera chinzake chigwire. Chotchinga chilichonse chiyenera kudzaza chitsime chonse kuchokera ku thanthwe la mbali iyi kukafika ku thanthwe la mbali inayo, osati mkati mwa paipi mokha. Chikakhala cha simenti, kutalika kwake kumayenera kukhala mamita 100, kapena 50 ngati chakhazikika pa maziko olimba mkati mwa paipi. Koma mawu amene amandisowetsa tulo ndi ena. Chikalatacho chimati chitsime chitsekedwe ndi maganizo akuti chikutsekedwa kwamuyaya. Mawu akuti muyaya ndinawazolowera kutchalitchi ndi pamaliro, ndipo sindinayembekezere kuwapeza m'buku la mainjiniya. PhD ya ku Norway ndi ya zaka zitatu, kapena zinayi kwa amene akuphunzitsanso. Ntchito yanga yonse yagona pa kusiyana kwa nthawi ziwirizi.

Bismuth ndi chitsulo cha nambala 83 pa tchati cha maelementi, choyandikana ndi mtovu umene uli pa nambala 82, koma ngakhale n'cholemera pafupifupi ngati mtovuwo, chilibe poizoni wake. Anthu ambiri anachimwapo osadziwa, chifukwa chili m'mankhwala ena a m'mimba monga Pepto-Bismol. Chimasungunuka pa madigiri 271, kutentha kochepa poyerekeza ndi chitsulo cha mapaipi chimene chimafuna madigiri pafupifupi 1,500. Chodabwitsa chake chachikulu n'chakuti chikamauma chimatupa ndi maperesenti oposa atatu pang'ono, pamene zitsulo pafupifupi zonse zimafota. Amene anaiwalapo botolo la Fanta mufiriji n'kulipeza litasweka m'mawa anaona khalidwe lomweli, chifukwa madzi nawonso amatupa akamaundana. Wina ataganiza zothira chitsulo chotere m'chitsime, nzeru yake inali yosavuta kuimva: pamene simenti imadzikoka kuchoka ku khoma la paipi, bismuth amadzikankhira ku khomalo.

Kawirikawiri bismuth sagwiritsidwa ntchito yekha. Amasakanizidwa ndi zitsulo zina pofuna kusintha kutentha kumene amasungunukira ndi kuchepetsa kuphwanyika kwake, pakuti yekha amasweka ngati mbale yadothi akamenyedwa ndi nyundo. Msanganizo umene ndimagwira nawo ntchito kwambiri uli ndi magawo 58 a bismuth ndi magawo 42 a tin pa 100 alionse. Tin yekha amasungunuka pa madigiri 232, bismuth yekha pa 271, koma ziwirizi zikaphatikizidwa pa mlingo umenewu zimasungunuka pa madigiri 138 okha, ndipo zimauma zonse pakamodzi popanda kudutsa nyengo yokhala ngati phala. Msanganizo wotere umatchedwa eutectic, mawu amene Frederick Guthrie anawatenga ku Chigiriki mu 1884 ndipo amatanthauza chosavuta kusungunuka. Msanganizo womwewu umagwiritsidwa ntchito polumikizira tizipangizo ta m'makompyuta ndi m'mafoni m'malo mwa wakale uja wa mtovu. Ukasungunuka umayenda ngati madzi, koma lita imodzi imalemera makilogalamu oposa asanu ndi atatu, kotero kuti ukathiridwa m'chitsime chodzaza madzi amchere umamira msanga, n'kukankhira madziwo m'mwamba, n'kulowa m'ming'alu imene simenti singalowemo. Ulibenso timabowo ta mkati ngati simenti. Gasi sangadutse pakati pa chitsulo chouma bwino, ndipo n'chifukwa chake amene amagulitsa njirayi amanena kuti mamita ochepa a chitsulo angagwire ntchito ya mamita ambiri a simenti.

Funso la mmene chitsulo chingasungunulidwire pansi pa chitsime chodzaza madzi linayankhidwa ndi nzeru yakale ya kunjanji. Ufa wa aluminiyamu wosakaniza ndi dzimbiri la chitsulo, umene umatchedwa thermite ndipo Hans Goldschmidt anaulembetsa mu 1895, ukayatsidwa umayaka ndi kutentha koposa madigiri 2,000 popanda kufuna mpweya wakunja, ndipo ndi umene amawotcherera njanji za sitima. M'chitsime amagwiritsa ntchito thermite wofowoketsedwa kuti aziyaka pang'onopang'ono, wotsekeredwa mu paipi yachitsulo imene bismuth waumbidwa mozungulira kunja kwake. Chida chonsecho chimatsitsidwa pa chingwe, chimayatsidwa ndi magetsi kuchokera pamwamba, chitsulo chimasungunuka n'kutsikira pa kachotchinga kamene kaikidwa mmunsi, ndipo chotenthetseracho chimatha kukokedwa chitsulo chisanaume. Ubwino waukulu wa njirayi ndi chingwecho. Mtengo wa kutseka chitsime cha panyanja umakwera makamaka chifukwa cha masiku amene chimakina chokumbira chimathera pamalopo, ndipo ntchito iliyonse imene ingachitike popanda chimakinacho imapulumutsa ndalama zambiri. Ku Norway nkhaniyi ndi ya nzika iliyonse, chifukwa makampani a mafuta amakhoma msonkho wa maperesenti 78 ndipo amachotsera ku msonkhowo ndalama zotsekera zitsime, kutanthauza kuti mbali yaikulu ya bilu imagwera boma. Kampani ya BiSN, imene inayambira ku Warrington ku England, ndi imodzi mwa zimene zapititsa njirayi patsogolo, ndipo kampani ya Aker BP yaigwiritsa ntchito pa zitsime zakale za ku Valhall ku North Sea, malo amene akhala akutulutsa mafuta kuyambira mu 1982 ndipo pansi pa nyanja pakhala pakutitimira chifukwa thanthwe la choko limene muli mafutawo likuphwanyika pamene akupopedwa.

Chaka changa choyamba ndinachitha ndikukhulupirira kuti nkhaniyi ndi yomalizidwa, ndipo chimene chinandichotsa chikhulupirirocho chinali paipi yadzimbiri. Mu labotale timagwiritsa ntchito mapaipi aafupi, otalika ngati mkono kuchokera pachigongono. Timatseka kumunsi, timathira chitsulo chosungunuka, timachisiya kuti chizizire usiku wonse, kenako timalumikiza botolo la mpweya wa nitrogen kumunsi ndi kapaipi kapulasitiki kumtunda, kamene mapeto ake amamizidwa m'galasi la madzi. Ntchito yotsala ndi yokweza mphamvu ya mpweya pang'onopang'ono n'kumayang'ana galasilo. Chotsekera changa choyamba ndinachithira mu paipi yatsopano imene ndinaitsuka ndi mankhwala mpaka inkanyezimira mkati, ndipo ndinakweza mphamvu mpaka pamene zida zathu zimalolera popanda kuona thovu ngakhale limodzi. Ndinapita kwa a pulofesa ondiyang'anira ndi chithunzi cha galasilo ngati mwana amene wakhoza mayeso. Iwo anayang'ana chithunzicho, kenako anandifunsa ngati ndinaonapo paipi yotuluka m'chitsime cha zaka 30. Ananditengera kuseri kwa nyumba kumene kunali zidutswa za mapaipi akale, zokhakhala mkati ngati khungwa la mtengo, zomatirira zoyera zolimba ngati za m'ketulo ya madzi a mjigo, zonunkha mafuta. Ndinadula chidutswa chimodzi, ndinachipaka matope okumbira monga ananenera, ndinathira chitsulo chomwecho pa kutentha komweko. Mawa lake thovu loyamba linakwera m'galasi ndisanafike ngakhale pa theka la mphamvu ya dzulo lake, kenako lachiwiri, kenako mzere wosaduka.

Titadula chotsekeracho pakati ndi macheka n'kuchipalapala mpaka kusalala ngati kalilole, maikulosikopu inaonetsa chimene chinachitika. Chitsulocho chinali chabwinobwino, chokhala ndi timizere toyera ndi totuwa tosinthanasinthana ta bismuth ndi tin, topindikapindika ngati mizere ya pachala. Gasi sanadutse mmenemo. Anadutsa m'kanthambi kopyapyala ka matope ouma ndi dzimbiri kamene kanatsala pakati pa chotsekera ndi paipi. Apa ndi pamene ndinamvetsa chinthu chimene chinali m'mabuku koma sindinachilabadire: bismuth sagwirana ndi chitsulo cha paipi ngati mmene zitsulo zowotcherera zimagwiranirana. Amangochikankha. Kutseka konse kumadalira mphamvu ya kukankhako ndi ukhondo wa malo amene akukankhawo. Komanso kutupa kwa maperesenti atatu kuja n'kwa bismuth wosasakaniza. Tin amafota pouma ngati zitsulo zina zambiri, choncho msanganizo wa ziwirizi umatupa pang'ono kwambiri kuposa pamenepo, ndipo ukatha kuuma pa madigiri 138 umapitiriza kuzizira mpaka kufika pa kutentha kwa chitsime, ndipo pozizirapo umafota monga chinthu china chilichonse. Paipi nayo inatupa ndi moto wa thermite ndipo ikubwerera mwakale pa liwiro lakelake. Chotsala cha kukankhana kumeneku, zonse zikazizira, ndicho chimene chimaima pakati pa gasi ndi nyanja, ndipo chimasintha malinga ndi makulidwe a paipi, chimene chili kunja kwake, ndi mbali imene chitsulo chinayambira kuuma. Chikayamba kuuma pamwamba ndi pansi, chapakati chimapanikizika n'kukankhira m'mbali, ndipo n'chimene tikufuna. Chikatsala chosungunuka pamwamba, kutupa kwambiri kumangothawira kumtunda kumene kulibe chotchinga.

Vuto lachiwiri ndi limene latenga mbali yaikulu ya zaka zanga, ndipo ndi lovuta kulifotokoza chifukwa silioneka ndi maso. Chitsulo chikakhala pa kutentha koyandikira kumene chimasungunukira, chimayenda pang'onopang'ono ngakhale chili chouma, monga mmene kandulo yosiyidwa pawindo m'mwezi wa Okutobala imapindikira popanda kusungunuka. Akatswiri amayeza kuyandikirako powerenga kutentha kuchokera pa kuzizira kotheratu, pa sikelo ya Kelvin. Pa sikelo imeneyo msanganizo wanga umasungunuka pa 411, ndipo chitsime chotentha madigiri 80 chili pa 353, amene ndi magawo 86 pa 100 a 411 uja. Chitsulo cha paipi kuti chifike pa mlingo womwewo chiyenera kutenthedwa mpaka madigiri pafupifupi 1,250, kutentha kumene wosula makasu amachimenyera chili chofiira mpaka kuyera. Ndiye kuti chotsekera chimene m'manja mwanga chimamveka cholimba, pansi pa chitsime chikukhala ngati khasu la pamoto wa wosula, ndipo chikuyenera kukhala choncho zaka mazanamazana gasi akuchikankha kuchokera pansi. Kutentha kwa pansi pa nthaka kumakwera ndi madigiri pafupifupi 30 pa kilomita iliyonse, kotero kuti msanganizo wa tin ndi woyenera malo osazama kwambiri. Kwa malo ozama pali msanganizo wa bismuth ndi siliva wochepa, magawo awiri ndi theka pa 100, umene umasungunuka pa madigiri 262, koma umenewo umafuna moto wochuluka ndipo moto wochulukawo ungawononge simenti yakale imene ili kunja kwa paipi.

Chosangalatsa n'chakuti kuyenda kwa pang'onopang'onoku kuli ndi nkhope ziwiri, ndipo mpaka pano ndimakangana ndi anzanga pa nthawi ya khofi za nkhope imene idzapambane. Mbali imodzi, kumafooketsa mphamvu imene chotsekera chinkakankhira paipi, monga lamba amene wamangidwa nthawi yaitali amalekerera. Mbali inayo, chitsulo chofewa chikapanikizidwa kuchokera pansi chimafufumira m'mbali n'kudzaza timipata, kotero kuti gasi amene akufuna kudutsa angakhale akudzitsekera yekha njira. Chilengedwe chimachita zofananazo, pakuti miyala ina yadongo ndi yamchere imayenda pang'onopang'ono n'kufinya paipi yokha, ndipo malamulo a ku Norway amavomereza thanthwe lotero ngati chotchinga likayesedwa n'kupezeka kuti latsekadi. Maganizo anga, malinga ndi zimene ndaona pa mapaipi anga ochepa, ndi akuti palibe yankho limodzi, ndipo amene anganene kuti bismuth amatseka kapena satseka popanda kutchula kutentha, kukula kwa paipi ndi mkhalidwe wa khoma lake sananene kanthu.

Pamwamba pa izi pali dzimbiri. Bismuth payekha sadyeka msanga ndi madzi amchere, koma zitsulo ziwiri zosiyana zikagundana m'madzi amchere zimapanga batire laling'ono, ndipo chimodzi chimadyeka mofulumira pofuna kuteteza chinzake. Pakati pa bismuth ndi paipi, chodyeka ndi paipi, ndipo ikudyekera pamzere womwe uja umene kutseka konse kwadalira. Ndiponso paipi iliyonse, ngakhale popanda bismuth, idzatha ndi dzimbiri tsiku lina. N'chifukwa chake chotsekera choikidwa mkati mwa paipi mokha sichikwaniritsa lamulo, ndipo pamafunika kudula chigawo cha paipi kapena kuiboola mabowo ambiri kuti chitsulo chikafike pa thanthwe lenileni. Kumeneko mafunso amayambiranso, chifukwa thanthwe ndi lonyowa, lokhakhala, ndipo limatha kung'aluka ndi kutentha kwadzidzidzi.

Njira yozolowereka yoyesera zaka zambiri m'miyezi yochepa ndi yotenthetsa. Kuyambira pa ntchito ya Svante Arrhenius mu 1889, tikudziwa kuti kusintha kwa zinthu kumafulumira kutentha kukakwera, ndipo pa zinthu zambiri madigiri 10 owonjezera amafulumizitsa kusinthako pafupifupi kawiri. Koma chitsulo changa chimasungunuka pa 138, ndipo chitsime chili kale pa 80, kotero kuti malo okwezera kutentha ndi ochepa, ndipo ndikayandikira kwambiri ndikhala ndikuyesa chinthu chosiyana ndi chimene chidzakhale m'chitsime. Zimene ndingachite ndi kuika zidutswa mu uvuni kwa miyezi, kumatulutsa chimodzichimodzi, n'kumaona mmene timizere ta pachala tija tikunenepera ndi kuphatikizana, chifukwa timatero ndithu, ndipo chitsulo chimasintha kulimba pamene tikutero. Kuchokera pamenepo timapanga masamu pa kompyuta otambasula miyezi kuti ikhale zaka mazana. Masamuwo ndi abwino, koma amaganiza kuti chimene chinkachitika m'chaka choyamba ndi chomwe chidzachitike m'chaka cha 500. Ena amadzitonthoza ndi mfundo yakuti bismuth amapezeka wosasakanikirana ndi kanthu m'miyala ya ku Saxony ku Germany ndi ya ku Bolivia, kumene wakhala zaka mamiliyoni osawonongeka. Mfundoyo ndi yoona ndipo ili ndi phindu, koma bismuth wa m'miyalayo alibe tin, sakugundana ndi paipi, ndipo palibe amene anamupempha kuti atchinge gasi.

Pali chinthu china chimene sichili mu labotale koma chingagamule nkhani yonse. Bismuth sakumbidwa payekha kawirikawiri. Amapezeka ngati chotsalira poyenga mtovu ndi tungsten, dziko lonse limatulutsa matani 20,000 kapena kucheperapo pachaka, ndipo ochuluka kwambiri amachokera ku China. Mu February 2025 dziko la China linaika bismuth pa mndandanda wa zitsulo zofuna chilolezo chapadera potumiza kunja, ndipo mtengo wake ku Ulaya unakwera kwambiri m'milungu yochepa. Chotsekera chimodzi cha paipi yaikulu chimafuna matani angapo. Masamu a sitandade 5 ndi okwanira kuonetsa kuti zitsime zonse zoyembekezera kutsekedwa padziko sizingatsekedwe ndi chitsulo chimenechi. Ine ndikuona kuti malo ake enieni ndi pamene simenti yalephera kale, monga pamene gasi akukwera m'kampata ka pakati pa mapaipi awiri, kapena pamene thanthwe lotchinga ndi lopyapyala moti mamita 50 a simenti sangakwanepo, kapenanso ngati chothandizana ndi simenti, chitsulo chachifupi pansi ndi simenti pamwamba pake, kuti chilema cha chimodzi chisakhale chilema cha chinzake. Kufunika kwa malo oterewa kukukula chifukwa cha ntchito yosunga carbon dioxide pansi pa nyanja, imene Norway inayamba ku Sleipner ku North Sea mu 1996, pakuti chitsime chakale chilichonse chodutsa m'thanthwe losungiramo mpweyawo ndi khomo limene ungatulukire.

Nthawi zina ndikamayembekeza thovu m'galasi ndimaganiza za kwathu. Mu 2011 boma linapereka ziphaso zofufuzira mafuta m'nyanja ya Malawi, ndipo mkangano umene unabuka unali wa malire ndi Tanzania, wa usodzi ndi wa kagawidwe ka phindu. Nyanja yathu ndi yakuya mamita pafupifupi 700, ili ndi potulukira pamodzi pokha ku mtsinje wa Shire, ndipo madzi ake amasinthika pang'onopang'ono kwambiri. Ngati tsiku lina chitsime chidzakumbidwe mmenemo, ndime ya mgwirizano imene ndingafune kuiwerenga poyamba ndi yonena za amene adzachitseke, ndi lamulo liti, ndi kumene ndalama zake zidzasungidwe kampaniyo ikadali ndi ndalama.

Amalume anandiimbiranso mwezi watha kufunsa kuti ndimaliza liti. Ndinawafotokozera za paipi yadzimbiri ija, ndipo sanadabwe konse. Anati nawonso ankadziwa kuti simenti yothiridwa pa dzenje losatsukidwa bwino imangooneka yabwino pamwamba, ndipo mjigo wotero umadziwika patapita mvula ziwiri kapena zitatu madzi akayamba kusintha mtundu. Ndinawauza kuti kwa ine mvula ziwirizo n'zimene zikusowa. Pakali pano mu uvuni wa pakona ya labotale muli mapaipi asanu ndi limodzi, atatu oyera ndi atatu adzimbiri, omizidwa m'madzi amchere pa madigiri 80. Awiri ndidzawatulutsa ndisanalembe mutu womaliza. Anayi otsalawo ndawalemba tsiku lothira ndi mlingo wa msanganizo pa timalata tachitsulo, pakuti mapepala amafufutika ndi nthunzi, ndipo ndagwirizana ndi woyang'anira labotale kuti uvuniwo usazimitsidwe ndikadzachoka, kuti wophunzira amene adzabwere pambuyo panga adzawadule pakatha zaka zisanu.